Kujambula Mbiri ya Banja Lomwe Linawoloka Malire

Abwenzi, phunziro la sabata ino lili pa funso limodzi: ana athu adzadziwa bwanji njira yomwe makolo awo anayenda kuti afike kuno?

Chitsanzo cha kutali

Mu 2023, Lina Soualem, mayi wobadwira ku France, anatulutsa filimu yotchedwa Bye Bye Tiberias. Si sewero lopeka ayi, ndi nkhani yeniyeni ya amayi a mibadwo inayi a m'banja mwake, Aarabu a ku Palestine. Pa nkhondo ya 1948 banjali linachotsedwa mumzinda wa Tiberias n'kukakhala m'mudzi wa Deir Hanna. Patapita zaka, mayi ake, Hiam Abbass, anachokanso m'mudzimo kupita ku France. Lina anasonkhanitsa zithunzi ndi matepi akale a vidiyo a panyumba, kenako anabwerera ndi mayi ake kumudzi kukafunsa mafunso.

Filimu yake yoyamba, Leur Algérie, ya mu 2020, inali ya agogo ake akuchimuna omwe anachoka ku Algeria kukakhala ku Thiers, ku France. Agogo aamunawo sankalankhula zambiri. Kukhala chete kwawoko kukuoneka mufilimumo, ndipo nako kukutiuza kulemera kwa ulendo wawo.

Nanga kwathu kuno?

Ife a ku Mwanza nkhani yotere siyachilendo. Pa nkhondo ya ku Mozambique, anthu oposa miliyoni imodzi anathawira m'Malawi muno. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ambiri anabwerera, koma ena anakwatira n'kukhazikika. Mu 2015 ndi 2016 mabanja ochokera ku Tete anafikanso ku Kapise, ndipo pambuyo pake anasamutsidwira ku Luwani, ku Neno. Tilinso ndi agogo omwe anakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ndi ku Zimbabwe.

Amene anawoloka ku Zobue m'zaka za m'ma 1980 ali ndi mwana kumbuyo, lero ndi okalamba. Akatisiya osafunsidwa, dzina la mudzi wawo ndi la abale omwe anasiyana nawo panjira zidzapita nawo kumanda.

Ntchito yathu

Foni ya m'manja ndi yokwanira. Tikumbukire izi:

1. Tiyambe tapempha chilolezo, ndipo tifotokoze amene adzaonere.
2. Tifunse zinthu zing'onozing'ono: “Agogo, munanyamula chiyani tsiku limenelo? Munagona kuti? Anakupatsani nsima yoyamba ndani?”
3. Akakhala chete, tidikire. Akakana, tisawakakamize.
4. Tisafufuze za zipani kapena woti timuloze chala. Tikufuna ulendo wa banja.
5. Tilembe mayina, midzi ndi zaka m'kope, chifukwa foni imatayika.
6. Tisatumize pa WhatsApp kapena pa Facebook eni nkhani asanavomere.

Mafunso okambirana

a. M'banja mwanu, ndani anabadwira kutsidya kwa malire? Mukudziwa dzina la mudzi wawo?
b. N'chifukwa chiyani akuluakulu ena safuna kukamba za ulendo wawo?
c. Kumva nkhani zimenezi kungasinthe bwanji momwe timalandirira alendo pakati pathu?

Tisanakumanenso, tigawane awiriawiri, tikacheze ndi wamkulu mmodzi. Tidzabwere ndi zomwe iwo atilola kuuza gulu.