Matenda a Shuga, Zitsamba ndi Swaumu

Mwezi wa Sha'bani ukangolowa, odwala matenda a shuga amayamba kufunsana za zitsamba. Wina ati habba sauda, wina ati chammwamba, winanso ati madzi onyikamo therere usiku wonse. Ambiri cholinga chawo nchakuti mapiritsi a kuchipatala awaike pambali mwezi wonse wa Ramadhani. Zimenezo ndizo tikukana.

Zitsamba sitikuzinyoza ayi. Ngakhale metformin amene ambiri mumalandira kuchipatala, chiyambi chake ndi chomera cha ku Ulaya chotchedwa Galega. Koma piritsi lili ndi muyeso wake, pamene supuni ya ufa wogula pamsika ilibe. Habba sauda, sinamoni ndi njere za methi za m'masitolo a Amwenye, madokotala anaziyesa napeza kuti mwa anthu ena zimatsitsako shuga pang'ono chabe. Palibe chochiza matendawa, palibenso cholowa m'malo mwa insulin. Mwana kapena mnyamata wodalira jakisoni ameneyu akamusiya, m'masiku owerengeka atha kukomoka ndi kumwalira. Uchi nawo, ngakhale uli ndi ulemerero wake m'Qur'ani, kwa wodwala ameneyu umakweza shuga ndithu.

Ngozi ina imabwera pa daku. Munthu wamwa glibenclamide, piritsi lotsitsa shuga mwamphamvu, waonjezapo kapu ya zitsamba, kenaka akhala maola oposa 12 osadya. Pofika nthawi ya Asri ayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, chizungulire, mawu sakumveka bwino. Apo shuga watsikitsa. Kachipangizo koyezera kakaonetsa pansi pa 3.9 (ena amawerenga 70), masulani pompo ndi madzi a shuga, ngakhale kutatsala mphindi 10 kuti muadhini aitane. Kakapitirira 16.6 (kapena 300), masulaninso ndi madzi ndipo thamangirani kuchipatala. Kudzibaya pachala poyeza sikuononga swaumu.

Mankhwala achilengedwe odalirika ali m'mbale mwanu momwemo. Daku muzidya mochedwa, nsima ya mgaiwa pang'ono, nyemba ndi ndiwo zamasamba zambiri. Pa futari tende limodzi kapena awiri akwana, ndi madzi. Nanga wina nkusiya piritsi chifukwa cha chammwamba, madzulo nkukhalira mandasi asanu ndi thobwa lothira shuga, pamenepo wadzithandiza chiyani?

Surat Al-Baqarah, ayah 184 ndi 185, inapereka chilolezo kwa wodwala kuti amasule nadzabweza masikuwo akapeza bwino. Amene dokotala wamuuza kuti kufunga kudzamuvulaza nthawi zonse apereke fidya, ndiko kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse limene sanafunge. Ofuna kufunga akaonane ndi dokotala masabata 6 kapena 8 mwezi usanaoneke, ndiye kuti mu Rajabu, kuti awasinthire nthawi ndi muyeso wa mankhwala. Popita kumeneko atenge ndi kajumbo ka zitsamba kaja, akamuonetse.