KUPHUNZITSA ANA KUSUNGA MADZI MWA SEWERO NDI GULE

Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko la Zambia, Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala cagwetsa dziko m'tsoka. Cimanga cinafota cisanabereke, ndipo madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kotero kuti magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Mvula palibe munthu akhoza kuilamulira. Koma ikagwa, kukhalitsa kwa madzi ace m'nthaka kuli m'manja mwa eni mudzi, ndipo ici ndico ana ayenera kucidziwa akali ang'ono.

Mphunzitsi akalemba pabolodi kuti mitengo isunga madzi, ana aloweza mauwo, namuyankha bwino, koma madzulo omwewo atentha thengo pofuna mbewa. Cifukwa cace mphunzitsi wanzeru awaturutsa pabwalo.

Asankhe ana khumi akhale mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, monga mkuyu ndi katope, aimirire motalikirana atagwirana manja, ndiyo mizu. Ang'ono-ang'ono akhale dothi, agwade pakati pao. Otsalawo ndiwo mvula. Ng'oma ikayamba kulira pang'ono-pang'ono, a mvula adza cobvina, nazungulira mtengo uli wonse, nalephera kupyola msanga cifukwa ca manja aja, nakhala pansi mmodzi-mmodzi. Ndimo m'mene madzi alowera m'nthaka ndi m'dambo, nakaturukira m'citsime m'mwezi wa October, dzuwa liri phwee. Tsono adza mnyamata ndi nkhwangwa, nagwetsa mitengo yonse. Ng'oma irira mwamphamvu, a mvula athamanga popanda cowaletsa, nakoka a dothi kunka nao kutsidya kwa bwalo. Pamenepo msungwana afika ndi mtsuko pamutu, nasuzumira m'citsime, nabwerera wopanda kanthu. Apa mphunzitsi asafulumire kumasulira. Aleke ng'oma ikhale cete, afunse anawo kumene madzi apita, ndipo ayankha okha.

Asungwana adziwa kale kupeka nyimbo za cimtali ndi citelele. Apatsidwe nkhaniyo, apeke yao.

Alipo makolo ndi akuru a mpingo amene ng'oma ya pasukulu iwabvuta mumtima, ndipo nkhawa yao siyenera kunyozedwa. Mphunzitsi awaitane aone sewerolo lisanaonetsedwe kwa anthu. Akumbukirenso mneneri Ezekieli, m'mutu 4 wa buku lace, amene anauzidwa kumwa madzi a muyeso, kuti anthu aone ndi maso kusowa kumene kudzagwera Yerusalemu.

Cobvuta ceni-ceni ciri pa mnyamata wa nkhwangwa uja. Pakati pa oonerera padzakhala atate amene aoca makala, ndipo makalawo ndiwo anagula unifomu ya mwana wobvinayo. Wonyazitsidwa pamaso pa mudzi sabweranso pasukulu. Potero sewero lisamuyese mfiti kapena citsiru. Lionetse njala ya m'nyumba mwace, lionetsenso wa kutauni womdikira pamseu ndi ndalama m'manja, popeza magetsi azima ndipo asowa pophikira. Wodula mitengoyo apatsidwe mau ace, adziyankhire pamaso pa mfumu ya m'sewerolo, ndipo oonerera athandize kuweruza mlandu.

Sewero lina likhale la ukhondo wa pacitsime, pakuti kolera imene inabuka ku Lusaka mu October 2023 inacedwetsa kutsegulidwa kwa masukulu kufikira February 2024. Ana aonetse cimbudzi cokumbidwa pafupi ndi citsime, ng'ombe zomwera pamene anthu atunga, ndi mai wowiritsa madzi akumwa. Cimbudzi citalikire citsime mamita 30 kapena kuposa, cikhale kumunsi kwace. Anawo ayese mtundawo ndi cingwe pabwalo pomwepo.

Tsiku loonetsa likhale m'mwezi wa December, mvula itakhazikika. Gule akatha, onse atsikire kumtsinje ndi mbande za mitengo, ndipo mfumu ichule maina a amene adzamanga mpanda kuti mbuzi zisadye.