PHUNZIRO LA ASUNGICHUMA: Kuphatikiza Mawerengero a Miyezi

Msungichuma alemba ndalama mwezi ndi mwezi, koma akuluakulu a parishi akakhala pansi afuna kumva za miyezi itatu kapena za chaka chathunthu, nthambi iliyonse payokha. Masiku ano ntchito yophatikizayi ichitika pa kompyuta. Excel ili ndi PivotTable. SPSS, yoyamba mu 1968, ili ndi lamulo lotchedwa AGGREGATE. Stata, yotuluka mu 1985, ili ndi lamulo la collapse. Komatu makina alibe nzeru zawozawo: achita chimene mwawauza, chokhoza kapena cholakwa. Tsono gwiritsani malangizo anayi awa.

Loyamba: konzani buku lanu. Mzere uliwonse ukhale ndi dzina la nthambi, chaka, mwezi ndi ndalama. Dzina lilembedwe chimodzimodzi nthawi zonse, pakuti mukaphonya chilembo chimodzi, makina ayesa kuti nthambizo ndi ziwiri. Chaka musachisiye, kuopa kuti Januwale wa 2024 angasakanizike ndi wa 2025.

Lachiwiri: pangananitu pamene chaka chanu chiyambira. Kuchokera mu 2022, chaka cha chuma cha boma la Malawi chiyamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba mu Julayi. Choncho miyezi itatu yoyamba kwa boma ndiyo Epulo, Meyi ndi Juni, pamene wotsata kalendala awerenga Januwale, Febuluwale ndi Malichi. Anthu awiri osapangana akangana pachabe.

Lachitatu, ndilo lalikulu koposa: si nambala zonse ziwonkhetsedwa. Tiyerekeze kuti nthambi ina inalandira K40,000, K55,000 ndi K25,000 pa miyezi itatu. Izi wonkhetsani, zikwana K120,000. Koma tinene kuti zotsala m'thumba pakutha pa mwezi uliwonse zinali K100,000, K130,000 ndi K110,000. Mukaziwonkhetsa mupeza K340,000, ndalama zimene sizinakhalepo konse, popeza ndalama zomwezo mwaziwerenga katatu. Potsekula thumba anthu apezamo K110,000 yokha, ndipo munthu wosalakwa atchedwa wakuba. Zolowa ndi zotuluka ziwonkhetsedwe. Pa zotsala tengani za mwezi wotsiriza basi. Mu Stata mulembe (sum) pa zolowa ndi (last) pa zotsala, mutandandalika miyezi m'dongosolo lake. Chiwongoladzanja nacho chili ndi njira yake: ngongole yokwera ndi 10 pa 100 mwezi uliwonse, chiwongoladzanja chikamaberekanso, ikwera ndi 33.1 pa 100 pa miyezi itatu, osati 30.

Lachinayi: mwezi wosalembedwa usayesedwe mwezi wopanda ndalama. Nthambi ikachedwa kutumiza lipoti, Excel ndi Stata ziwonkhetsa miyezi imene ilipo osanena kanthu, ndipo nthambiyo ioneka yaulesi. Pulogalamu ya R, ikapeza malo osadzazidwa, siperekako yankho kufikira mutailamula kuti iwadumphe. Chifukwa chake uzani makina awerengenso miyezi ya nthambi iliyonse, muone ngati yakwanadi itatu.

Musanawerenge lipoti pamaso pa anthu, tengani pensulo, muwonkhetse nthambi imodzi pamanja. Onaninso kuti ndalama za nthambi zonse pamodzi zilingana ndi za miyezi yonse pamodzi. Zikasiyana, funani cholakwacho msonkhano usanafike. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.