Kuumba Njanji ya ku Golomoti pa Thabwa

Anzanga, ambiri a ife tinakula tikupinda magalimoto a mawaya ndi kuumba ng'ombe zadongo. Luso lomwelo kunja kuno akuluakulu amathera nalo ndalama zambiri: amayala tinjanji, n'kuzunguliza timapiri, timitsinje ndi tinyumba mpaka woona kuyesa dziko lenileni lafota. Ku Hamburg, m'dziko la Germany, kuli nyumba yotchedwa Miniatur Wunderland imene inatsegulidwa mu 2001, ndipo anthu amalipira pakhomo kuti akaone zimenezi. Ifeyo njanji tili nayo pamphuno pompa. Imachokera ku Balaka, kudzera ku Golomoti ndi ku Mtakataka, ndipo inafika ku Salima mu 1935. Tingathe kuiumba pa thabwa popanda kugula kanthu kupatula machesi.

Chimene chimagwetsa ambiri si dongo ayi, ndi sikelo. Mupeza wina waumba sitima yokongola, koma mbuzi imene waiika pambali ndi yaitali kuposa chitseko cha siteshoni. Basi zonse zasanduka zidole. A ku Hamburg aja amagwiritsa ntchito sikelo ya 1:87, koma ife titenge 1:100 chifukwa masamu ake savuta: sentimita imodzi pa thabwa ikuimira mita imodzi kunja. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ya m'Malawi muno ndi mamilimita 1,067. Gawani ndi 100, mupeza kuti mawaya anu awiri atalikirane sentimita imodzi ndi kadontho. Munthu wotalika mamita 1.7 akhala masentimita 1.7, kufupika kuposa theka la kamtengo ka machesi. Mlambe wa mamita 15 ukhala theka la rula yanu. A Fomu 3 ndi 4, amenewa ndi masamu omwe aja amakutuluitsani thukuta pa funso la mapu mu Jogalafe. Mukawagwira ndi manja kamodzi, sathawanso m'mutu.

Tsono yesani sikelo yomweyo pa mapiri ali kuseri kwa Mua. Kuchokera kunyanja kukafika ku Dedza boma mtunda umakwera mamita opitirira 1,000. Pa thabwa lathu ndiye kuti phiri la mamita khumi, loboola denga la kalasi! Choncho mapiri saumbidwa. Amajambulidwa pa katoni imene mumaimika kumbuyo, ndi mtundu wotuwa wonkera kobiriwira ngati mmene amaonekera masana a Okutobala. Phiri lakutali silioneka mitengo yake umodziumodzi, ndiye musavutike kuijambula.

Mapiri omwewo akutiuzanso chifukwa chake njanji inadutsa kuchigwa kuno. Galimoto imakwera Khwekhwerere mokhotakhota, koma mateyala achitsulo pa njanji yachitsulo amaterereka pachitunda. N'chifukwa chake njanji yanu iyenera kugona myaa, ndipo ikakhota ikhote pang'onopang'ono. Nthaka ndiyo ikwere ndi kutsika pambali pake. Pamalo otsika njanji imayenda pamwamba pa mtumbira, pa mtsinje pamakhala mlatho, ndipo pa kakhwawa pamakhala chibowo choti madzi a mvula adutse pansi. Woumba amene waiwala njira ya madzi ndiye kuti sanaonepo mmene mitsinje yochokera m'mapiri, monga Nadzipokwe, imalusira mu Febuluwale.

Kaumbidwe kake nkosavuta. Pindani manyuzipepala akale kapena zidutswa za katoni pamene mukufuna zitunda, kenaka mateni dongo lopyapyala pamwamba. Dongolo musakanize ndi mchenga pang'ono, apo ayi likauma ling'aluka. Mitanda imene njanji imagonapo dulani timitengo ta machesi, masentimita awiri kalikonse. Miyala ya pansi pa njanji ndi mchenga wosefa, osati timiyala ta pamsewu, pakuti kamwala ka sentimita imodzi pa sikelo yathu ndi thanthwe lofika m'chiuno. Guluu wake ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa.

Pa mitundu mpamene ndimakangana ndi anzanga. Aliyense amathamangira penti wobiriwira wa udzu ndi wabuluu wa madzi, ngati buku la Sitandade 1. Kodi munauonapo liti mtsinje wabuluu kuno? Nthawi ya dzinja madzi amakhala ofiira ndi dothi, chilimwe pamatsala mchenga ndi timathawale. Sankhani mwezi umodzi, mukakamire womwewo. Mukasankha Okutobala, milambe ikhale yopanda masamba, udzu ukhale wofiirira, ndipo penapake muwaze makala opera posonyeza pamene padutsa moto wolusa. Dothi lenileni, louma ndi losefa, limaposa penti aliyense. Udzu ndi ulusi wa khonje wodula mwaufupi, kapena utuchi. Utuchi pa Mua pano susowa: osema alipo ambiri chiyambire KuNgoni mu 1976, kungopempha mwaulemu. Mlambe pindani ndi mawaya opota pamodzi, muwatambasule kumwamba kukhala nthambi, thunthu mulimate dongo lonenepa, mulipake phulusa.

Musanayambe pitani mukaone malo enieniwo, kope m'manja. Onani njira za anthu zodutsa panjanji, dzimbiri la m'mbali mwa zitsulo, mbuzi pamthunzi, amayi ogulitsa pafupi ndi msewu wa M5. Koma muime patali ndithu. Musayende pakati pa njanji ngakhale papite masiku osamva sitima, ndipo musatolepo mwala kapena chitsulo. Umenewo ndi mlandu wakupolisi.

Mukamaliza umitsani pamthunzi masiku angapo, chifukwa dzuwa la kuno ling'amba dongo tsiku limodzi. Thabwalo likhale pa tebulo, osati pansi. Mbewa ndi mphemvu zimalikonda phala la chinangwa kuposa mmene mukuganizira.