Phunziro 18: Ulendo wapansi ku Siavonga

Kambiranani

1. Kodi munakwerapo phiri? Munali ndi ndani?
2. Kodi munthu afunika kunyamula ciani poyenda ulendo wapansi?

Mau atsopano

citunda, mtsetse, gombe, cipika, matuza, msodzi

Werengani nkhani iyi

Pa holide ya mu Ogasiti, Dalitso, Tiza, Mabvuto ndi Thoko anapita ku Siavonga pamodzi ndi amalume a Dalitso. Ana anaiwa akhala ku Matero mu Lusaka, ndipo aphunzira kalasi imodzi. Siavonga ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kucokera ku Lusaka. Tauniyi ili pa mapiri, m'mbali mwa nyanja ya Kariba.

Tsiku laciwiri amalume anawadzutsa m'mamawa. "Lero tiyenda pansi," anatero. "Tikwera phiri lija, titsikire kunyanja, ndiyeno tibwerere motsata gombe. Lamulo ndi limodzi cabe. Tanyamuka asanu, tiyenda asanu, tibwerera asanu."

Aliyense anatenga botolo la madzi, cipewa ndi mbatata zophika.

Njira ya kuphiri inali ya miyala yokhayokha. Anadutsa mitengo ya mlambe yopanda masamba. Pa citunda anakumana ndi amai atasenza nkhuni. Anthu ambiri a kumeneko akamba Citonga, conco Tiza anapereka moni umene amalume anawaphunzitsa.

"Mwabuka buti?"

"Kabotu!" anayankha amaiwo akumwetulira.

Mabvuto anali kutsogolo, kulumpha mwala uwu ndi uwo. Thoko anali kumbuyo kwenikweni.

"Iwe Thoko, fulumira! Uticedwetsa," anakuwa Mabvuto.

"Nsapato zaniluma, siningathamange," anayankha Thoko. Nsapato zake zinali zatsopano, ndipo ku cidendene kunali kutatuluka matuza.

Atafika pamwamba, onse anangoti kukamwa yasa. Madzi anali mbee, mpaka kumene maso alekezera.

"Amalume, mapiri aja ali kutsidya ndi a kuti?" anafunsa Dalitso.

"Kuja ndi ku Zimbabwe, mphwanga. Kale pano panalibe nyanja. Panali mtsinje wa Zambezi cabe. Anthu anamanga damu lalitali mamita 128, ndipo anatsiriza mu 1959. Madzi atadzaza, midzi ya Atonga inamira ndipo anthu anasamutsidwa. Zilumba muona apo zinali nsonga za mapiri. Lero madziwa apanga magetsi a Zambia ndi Zimbabwe."

Atadya mbatata, anayamba kutsika. Pa mtsetse Mabvuto ndi Dalitso anathamanga osaceuka. Amalume anali kumanga kansalu pa cidendene ca Thoko. Ataweramuka anawerenga: "Mmodzi, awiri, atatu. Nanga anyamata ali kuti?" Anaitana, koma kunali zii.

Anyamata aja anali atafika kale ku gombe. Mabvuto anali atamwa madzi ake onse pokwera, ndipo ludzu linamugwira.

"Manje tiyembekeza ciani? Madzi si aya!" anatero akubvula nsapato.

"Amalume anati tiziyenda asanu," anatero Dalitso. Koma naye anabvula zake.

Atangoponda m'madzi, anamva mau akulu: "Imwe ana, cokaniko msanga!" Anali msodzi wacikulire amene anali kusoka ukonde pansi pa mtengo. Anathamanga, nawakokera kumtunda. Kenako analoza pa bango. Pamenepo panali cinthu conga cipika. Cipikaco cinagwedeza mcira, n'kulowa m'madzi mwakacetecete. Inali ng'ona.

Miyendo ya Mabvuto inanjenjemera. Dalitso misozi inalengeza m'maso.

Posapita nthawi amalume anafika ndi atsikana. Anathokoza msodzi uja ndi manja awiri. Ndiyeno anayang'ana anyamatawo.

"Tinanyamuka angati?"

"Asanu, amalume," anayankha atazyolika.

"M'nyanja muno muli ng'ona ndi mvuu. Mlendo salowa m'madzi asanafunse eni ake a malo. Madziwa samwedwanso osawiritsa."

Thoko anatulutsa botolo lake. Iye anali kumwa pang'onopang'ono, conco madzi anali akalimo. "Tenga, umweko," anauza Mabvuto. Mabvuto anamwa, nati, "Zikomo Thoko. Unikhululukire, n'nakukalipira."

Pobwerera, amalume anaika Thoko kutsogolo ndipo iwo anakhala kumbuyo. Anayenda patali ndi madzi, mwa liwiro la Thoko. Poyenda motero anaona zambiri. Tiza anapeza mapazi a mvuu pa matope. Dalitso anawerenga maboti a kapenta, amene asodzi apita nao pa nyanja usiku atayatsa nyale. Thoko analoza m'mwamba mwa mtengo wouma. Munali nkhwazi, mbalame ya pa mbendera ya dziko lathu.

Anafika dzuwa lili pamutu, atatopa, njala itawagwira. Pa geti Mabvuto ndiye anawerenga: "Mmodzi, awiri, atatu, anai, asanu. Takwana!"

Yankhani mafunso awa

1. Kodi amalume anapereka lamulo lotani?
2. N'cifukwa ciani Thoko anali kutsalira?
3. Kodi damu la Kariba linamangidwa pa mtsinje uti? Linatha caka citi?
4. Kodi cinacitika n'ciani kwa Atonga madzi atadzaza?
5. Mukanakhala Dalitso, mukanacita ciani Mabvuto atabvula nsapato?
6. Akulu amati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndi mbali iti ya nkhani imene igwirizana ndi mwambiwu?

Zocita

A. Werengani mau awa mokweza. Mvetserani kusiyana kwa ng' ndi ng.

ng'ona, ng'ombe, pang'ono, yang'ana
bango, mtengo, ngoma, nsonga

B. Lembani ziganizo izi m'mabuku anu. Tsirizani ndi mau oyenera: gombe, citunda, msodzi.

1. Njinga ibvuta kupalasa pa ________.
2. ________ anasoka ukonde wake.
3. Bwato linafika pa ________.

C. M'magulu a anthu asanu, konzani ulendo wapansi wa kufupi ndi sukulu yanu. Lembani zinthu zisanu zonyamula ndi malamulo atatu. Sankhani woyenda kutsogolo ndi woyenda kumbuyo, ndipo muuze kalasi cifukwa cake.