PHUNZIRO LA CHINGEREZI KWA OYAMBA: MNENI "TO BE"

Inu makolo ndi akatekisiti a ku Zolozolo ndi madera ena a mzinda wa Mzuzu, lero tiphunzire mneni amene ali ngati mzati wa Chingerezi chonse, ndiye "to be". Nkhaniyi si yaing'ono ai. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu zathu, ndipo mwana amene walephera Chingerezi pa mayeso a MSCE salandira satifiketi, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Tsono amene wapunthwa pa mneni ameneyu adzapunthwa pa chiganizo chiri chonse.

Choyamba, tizindikire kuti pamene Mngerezi ali ndi mneni mmodzi, ife tiri ndi mau awiri. Ponena chimene munthu ali, timati "ndi": Ndine mlimi. Ponena kumene munthu ali kapena m'mene aliri, timati "li": Ndiri ku Zolozolo, ndiri bwino. Abale athu olankhula Chitumbuka nawonso amati "nili makora". Koma Mngerezi zonsezi amazimanga mtolo umodzi: I am a farmer. I am in Zolozolo. I am well.

Mneniyu amasintha maonekedwe kuposa mneni wina aliyense wa Chingerezi, pakuti ali ndi maonekedwe 8: be, am, is, are, was, were, being, been. Chifukwa chake n'chakuti kalekale adali aneni osiyana, ochokera ku mitsitsi itatu, amene pambuyo pake adaphatikizana. Woyamba kumene asachite mantha. Ayambe ndi atatu okha a nthawi yatsopano:

I am: ine ndine, ndiri
You are: iwe ndiwe, uli, inu ndinu, muli
He is, she is, it is: iye ndi, ali, icho ndi, chiri
We are: ife ndife, tiri
They are: iwo ndi, ali

Taonani kuti "iye" wathu amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, koma Mngerezi amati he kwa mwamuna, she kwa mkazi, it kwa chinthu.

Pofuna kukana, ife timatsogoza "si". Mngerezi amaika not pambuyo pa mneni: Sindine mlendo, I am not a visitor. Pofunsa, ife timayamba ndi "kodi". Iye alibe liu lotere, koma amangotembenuza mau, mneni natsogola: You are a teacher, ndinu mphunzitsi, Are you a teacher? kodi ndinu mphunzitsi?

Tsopano nazi mbuna zinai zimene ophunzira ambiri amagweramo.

Yoyamba ndiyo ulemu. Ife polemekeza munthu wamkulu timamchulukitsa: Agogo ali bwino. Mwana woleredwa bwino amafuna kunena kuti Grandmother are well, koma kumeneko nkulakwa. M'Chingerezi munthu mmodzi ndi mmodzi basi, angakhale mfumu: Grandmother is well. Ulemu wa Angerezi uli m'mau ena, osati mu mneniyu.

Yachiwiri ndiyo "ndiri ndi". Ponena za katundu, mneni wake ndi have: Ndiri ndi njinga, I have a bicycle. Koma ponena za zaka, njala ndi ludzu, Mngerezi amabwerera ku "to be": Ndiri ndi zaka 12, I am 12 years old. Ndiri ndi njala, I am hungry. Ndiri ndi ludzu, I am thirsty.

Yachitatu ndiyo kusiya mneni. Ife timangoti "Kukuzizira," mau natha. Mngerezi sangathe kunena Cold yekha, koma It is cold in Mzuzu in June.

Yachinai ndiyo "pali, kuli, muli". Zonsezi amati there is ngati chinthu ndi chimodzi, there are ngati ziri zambiri: There is a market in Zolozolo. There are many minibuses in town.

Zimenezi zikakhazikika, nthawi yakale njosabvuta. Am ndi is amasanduka was, are nasanduka were: Dzulo ndinali ku Ekwendeni, I was in Ekwendeni yesterday. Anali kudimba, They were in the garden. Za mtsogolo, will be amakwanira onse: Mawa tidzakhala ku Nkhata Bay, We will be in Nkhata Bay tomorrow.

Nayi nchito ya masabata awiri ano. Tembenuzani m'Chingerezi:

1. Amai ali kumsika.
2. Kodi ndinu a ku Chibavi?
3. Mlongo wanga ali ndi zaka 9.
4. Sitinali ku Katoto dzulo.
5. M'nyumba muli ana atatu.

Inu akatekisiti, ana akasonkhana, afunseni mmodzimmodzi ndipo ayankhe mokweza, pakuti chiyankhulo chimakhwima pakamwa, osati m'kope mokha ai. Musawaseke akaphonya, akonzeni mofatsa, abwereze kufikira khutu litazolowera. Mayankho ake tidzawasindikiza m'nyuzi yotsatira.