PHUNZIRO LA PA NYUMBA: MASIWITI A KOKO NDI NSHAWA ZA M'MUNDA MWATHU

Nyengo ya Khirisimasi ndi Caka Catsopano ikayandikira, masitolo a pa boma la Lundazi amadzaza ndi masiwiti okulungidwa m'timapepala tonyezimira, ndipo ana amakoka nsaru za amai ao kuti awagulire. Mwa zonsezo, wokwera mtengo koposa ndiye chokoleti. Makolo ambiri amabwerera kumudzi ali ndi cisoni, poganiza kuti cakudya cotere n'ca anthu a ndalama okha. Phunziro lino lifuna kuonetsa kuti mai ali yense wokhala ndi nshawa zabwino m'nkhokwe, mtondo, poto ndi mthiko, akagula paketi yaing'ono ya ufa wa koko ndi shuga, akhoza kukonzera banja lace masiwiti okoma ndi okhutitsa. Koma tidzaonanso kuti ubwino wa masiwitiwo uyambira pa kusankha nshawa, ndi kuti ayenera kudyedwa pa muyeso.

1. KODI KOKO ACOKERA KUTI?

Chokoleti amapangidwa ndi mbeu za mtengo wochedwa koko. Kwao kwa mtengowu ndi ku nkhalango za ku South America. Kale lomwe anthu a mtundu wa Maya ndi wa Aztec, okhala ku Mexico ndi maiko oyandikana naye, anali kupera mbeuzo, nazisakaniza ndi madzi ndi tsabola, namwa cakumwa cowawa. Anthu a ku Spain anaolotsa mbeuzo kunka nazo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, nayamba kuthiramo shuga.

Pafupifupi theka la mbeu ya koko ndi mafuta. M'caka ca 1828 banja la Van Houten ku Holland linapeza makina ofinyira mafutawo. Cotsala cace, cikaperedwa, ndico ufa wa koko umene tigula m'sitolo. M'caka ca 1847 kampani ya Fry ku Bristol, m'dziko la England, inasakaniza ufawo ndi mafuta ace ndi shuga, nipanga chokoleti wolimba wodya ndi manja. M'caka ca 1875 Daniel Peter wa ku Switzerland anaonjezamo mkaka.

Mtengo wa koko ufuna mthunzi, kutentha, ndi mvula yogwa pafupifupi caka conse. Cifukwa cace sungakondwe kwathu kuno, kumene mvula imaleka mwezi wa Epulo kufikira Novembala, ndipo Juni ndi Julayi kumazizira. Amaulima ku Kyela m'dziko la Tanzania, kumpoto kwa Nyanja ya Malawi. Koma woposa theka la koko wa dziko lonse lapansi acokera ku Côte d'Ivoire ndi Ghana. Zipatso zace zimabala pa thunthu penipeni, ndipo m'cipatso cimodzi mumakhala mbeu 30 kapena 40. Alimi amaziunjika, nazifunditsa masamba a nthoci masiku 5 kufikira 7 kuti zisase, pambuyo pace naziyanika padzuwa. Popanda kusasa kumeneko, pfungo la chokoleti silituruka.

Nchitoyi ili ndi misozi yace. M'caka ca 1909 makampani a Cadbury, Fry ndi Rowntree, amene eni ace anali Akristu a mpingo wa Quaker, analeka kugula koko wa pa cisumbu ca São Tomé, atadziwa kuti olimawo anali anthu ogwidwa ku Angola, osungidwa monga akapolo. Ndipo m'caka ca 2020 ofufuza a ku University of Chicago anapeza kuti ana oposa 1,500,000 anali kugwira nchito m'minda ya koko ku Côte d'Ivoire ndi Ghana. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'caka ca 2024 mtengo wa koko unapitirira madola 10,000 pa tani imodzi, cifukwa ca nyengo yoipa ndi matenda a mitengo kumadzulo kwa Afrika. Cotero ufa wa koko si woseweretsa ai. Tiuthire pang'ono, ndipo cakudya cenicenico cikhale ca m'munda mwathu.

Gulani ufa wa koko, osati chokoleti wolimba. Mafuta a koko amasungunuka pa madigiri 34, ndipo m'dzuwa la Okutobala chokoleti wolimba amasanduka phala asanafike kumudzi. Ufa sutero, ukatsekedwa bwino m'citini pouma, umakhala miyezi yambiri.

2. NSHAWA NDIZO MAZIKO

Nshawa, zimene ena amati mtedza, ndizo cuma ca cigawo cathu ca Kum'mawa. Mtundu wa Chalimbana, wa maso akuluakulu, unachuka kufikira maiko akutali cifukwa ca kukoma kwace m'masiwiti. Mtundu wa MGV4, woturuka ku malo ofufuza za ulimi a Msekera ku Chipata, uli ndi mafuta ambiri, nukoma pa ciponde. Bungwe la COMACO, limene linayamba m'caka ca 2003, limagula nshawa kwa alimi a cigawo cino, nilipanga ciponde cochedwa It's Wild! cogulitsidwa m'masitolo a ku Lusaka. Ngati a m'tauni alipira ndalama kuti adye nshawa zathu, ife tisazipeputse.

Komatu pali mdani wobisika. Nshawa zikanyowa kapena zikasungidwa zosauma, zimacita cuku, ndipo cukuco cimaturutsa ululu wochedwa aflatoxin. Ululuwu unadziwika pambuyo pa caka ca 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca nshawa zoonongeka. Mwa munthu umaononga ciwindi pang'onopang'ono, ukhoza kubala khansa ya m'ciwindi, ndipo madokotala aona kuti ana odya ululuwu kawirikawiri amapinimbira. Kukazinga ndi kuphika sikuupha ai. Koko ndi shuga zimangobisa kuwawa kwa nshawa yoipa, monga mwambi uja wakuti cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Cifukwa cace sungani malamulo awa:

(a) Kumbani nshawa zitakhwima, ndipo muziumitse bwino, osaziyala pa dothi lonyowa.
(b) Zisungeni zosasenda, pouma ndi popita mphepo.
(c) Musaziwaze madzi pofuna kuti zifewe posenda.
(d) Mutasenda, ziyaleni pa licero padzuwa, nimucotse zofota, zosweka, zobooka, zakuda ndi zacuku. Zoipazo musazisinjire ndiwo, kapena kupatsa nkhuku ndi nkhumba, zikwirireni.

3. MAKONZEDWE ANAI

Poyesa, kapu ndi ya tiyi. Supuni yaikulu ndi yodyera phala. Supuni yaing'ono ndi yotakasira tiyi. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo ziwiya zikhale zoyera ndi zouma.

Coyamba: timibulu ta ciponde. Kazingani makapu 2 a nshawa pa moto wofatsa kufikira zitafiira m'kati. Zikazizira, zifikiseni m'manja, nimupete. Patulani dzanja limodzi, mulisinje pang'ono likhale nsinjiro zamiyalamiyala. Zotsalazo zisinjeni kufikira mafuta aturuka, zisanduke ciponde. Thiranimo masupuni akulu 3 a koko, masupuni akulu 3 a uci, ndi mcere wotsina ndi zala ziwiri. Ngati uci palibe, sinjani masupuni akulu 4 a shuga akhale ufa. Kandani zonse pamodzi, muumbe timibulu tonga masuku aang'ono, nimutigubuduze m'nsinjiro zija. Idyani pasanathe masiku 3. Awa ndiwo masiwiti oposa onse pa kumanga thupi, pakuti shuga ndi wocepa.

Caciwiri: nshawa zobvala koko. Ikani m'poto makapu 2 a nshawa zaziwisi zosacotsa timakungu, kapu 1 ya shuga, theka la kapu ya madzi, ndi masupuni akulu 2 a koko. Tereka pa moto wapakati, nimutakase ndi mthiko osaleka. Poyamba zidzawira, pambuyo pace madzi adzaphwa, ndipo shuga adzauma ngati mcenga, nakangamira pa nshawa. Musaope, pakuti ndi mmene ziyenera kukhalira. Cepetsani moto, nimupitirize kutakasa kufikira mcengawo utayamba kunyezimira. Pomwepo khuthulirani pa thireyi, muzimwaze kuti zizizire. Moto ukacuruka koko amapsa, nawawa. Izi sizisungunuka ndi dzuwa, ndipo m'botolo lotseka bwino zimakhala milungu 2. Ndizo zoyenera kamba wa paulendo, kapena malonda a pamsika.

Cacitatu: masiwiti ofewa a mkaka. Sakanizani makapu 2 a shuga ndi masupuni akulu 5 a koko zili zouma, kuti pasakhale mibulu. Thiranimo mkaka wosadzaza kapu, magawo atatu mwa anai. Takasani pa moto wofatsa kufikira shuga yense atasungunuka; zikayamba kuwira, lekani kutakasa. Ikani pambali kapu ya madzi ozizira, ndipo patapita mphindi 10 dontheziranimo pang'ono. Dontho likamwazika, nthawi siinakwane. Likaumbika ndi zala kukhala kambulu kofewa, phulani msanga. Pamenepo kutentha kwafika madigiri 115. Ikani pamwamba masupuni akulu 2 a majarini, osatakasa, ndipo dikirani kufikira mukhoza kugwira pansi pa poto ndi dzanja osapsa. Tsono takasani mwamphamvu kufikira kunyezimira kutatha, onjezani kapu 1 ya nshawa zokazinga, nimukhuthulire pa thireyi yopaka majarini. Zikalimba, dulani timagawo.

Pano m'pamene ambiri amalakwa cifukwa ca cangu. Shuga wosungunuka akamazizira, amabwerera kukhala timiyala. Mukatakasa ali wotentha, timiyalato timakula, ndipo masiwiti amalumika ngati mcenga. Mukadikira kuti ayambe wazizira, timiyala timacuruka koma tating'onoting'ono, ndipo lilime limamva kusalala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati sanalimbe, ndiye kuti munaphula msanga. Abwezereni pa moto ndi mkaka pang'ono.

Cacinai: cikondamoyo ca koko. Posani nthoci 4 zakupsa kwambiri. Onjezani makapu 2 a mgaiwa wosefa, masupuni akulu 3 a koko, masupuni akulu 3 a shuga, supuni yaing'ono 1 ya soda, mcere pang'ono, masupuni akulu 2 a mafuta ophikira, kapu 1 ya mkaka kapena madzi, ndi dzira limodzi ngati lilipo. Thirani m'poto wopaka mafuta, mubvundikire, muike makala ocepa pansi ndi ocurukirapo pa cibvundikiro. Patapita mphindi 40 lasani pakati ndi kamtengo koyera. Kakaturuka kouma, capsa. Ici cikwanira banja lonse ndi alendo omwe.

4. MACENJEZO

Shuga wowira amatentha kuposa madzi owira, ndipo amakangamira pa khungu. Ana akhale kutali ndi moto, ndipo musaphike muli ndi mwana kumbuyo kapena pa miyendo. Wina akapsa, thirani madzi ozizira pa balalo mphindi 20, ndipo bala likakula pitani naye ku cipatala.

Khanda losakwana caka cimodzi musalipatse uci, pakuti mu uci mukhoza kukhala tizirombo toyambitsa matenda olefula thupi, timene m'mimba mwa khanda simungathe kulimbana nato. Ana osakwana zaka 5 musawapatse nshawa zathunthu, angatsamwidwe. Kwa iwo timibulu ta ciponde ndi cikondamoyo, monyemanyema. Mwana akatupa milomo kapena akabanika atadya nshawa, thamangani naye ku cipatala. Agaru musawaponyere zotsala, pakuti koko ndi ululu kwa garu.

Cacikulu ndi muyeso. M'caka ca 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya, pamodzi ndi uci, asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene munthu alandira m'cakudya ca tsiku. Kwa munthu wamkulu ndiwo masupuni aang'ono 12, kuwerengera ndi wa m'tiyi ndi m'thobwa. Kwa mwana ndi wocepa koposa. Shuga wambiri amabola mano, nanenepetsa moipa, ndipo mwana wokhuta masiwiti amakana nsima ndi ndiwo zomanga thupi lace. Apatseni atatha kudya, kagawo kamodzi kapena tiwiri, ndipo atsuke mano asanagone. Odwala matenda a shuga ayambe afunsa a cipatala.

Amai ofuna kugulitsa ayambe awerenga mtengo wa shuga, koko, makala ndi nshawa zomwe, ngakhale zili za m'munda mwao, asanaike mtengo wa malonda. Ndipo nshawa zimene sangapatse ana ao, asagulitse kwa ana a anzao.

Masiwiti ndi a tsiku la cikondwerero: Khirisimasi, ukwati, kapena mwana atapambana mayeso. Akamadyedwa masiku onse, cikondwerero cimatha, mano ndi ndalama nazonso zimatha. Konzekerani kuyambira pa kukumba nshawa mwezi wa Meyi, posunga thumba limodzi la zosankhika. Disembala akafika, cogula cidzakhala koko ndi shuga basi.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO WA AMAI

1. Cifukwa ninji mtengo wa koko sukondwa m'dziko la Lundazi?
2. Kodi kukazinga kumacotsa ululu wa cuku m'nshawa? Nanga nshawa zoipa tizitani nazo?
3. Tidziwa bwanji kuti masiwiti a mkaka afika pophula, ndipo cifukwa ninji tiyenera kudikira tisanatakase?
4. Werengani masupuni a shuga amene banja lanu limadya pa tsiku. Kodi apitirira muyeso?